Chivundikiro cha pulasitiki si chishango cha injini

Akonzi,

Ndiloleni kadanga m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhule ndi eni galimoto zothamanga zija zokhala pafupi kwambiri ndi nthaka, pamodzi ndi amakaniko amene amazikonza, pa nkhani yoteteza kunsi kwa injini. Ambiri akagwada n'kusuzumira pansi pa galimoto yawo, akaona chivundikiro chakuda cha pulasitiki mtima umakhala pansi, poganiza kuti injini yatetezedwa. Inenso ndinkaganiza choncho mpaka usiku wina pamene mwala wosaposa chibakera cha munthu wamkulu unanditsegula maso.

Mwalawo unali pakati pa msewu, ndipo ndinauyika pakati pa matayala monga ndinazolowera pa galimoto zazitali. Kunangomveka kuti gu, kamodzi kokha, ine n'kupitiriza ulendo. Pasanathe mphindi ziwiri, kanyali kofiira kooneka ngati kaketulo kanayaka pa dashibodi. Nditaima n'kuunika ndi tochi ya foni, ndinaona oyilo akutsika ngati ulusi wakuda, ndipo kumbuyo kwanga anali atalemba mzere pa tala mpaka kumene kuwala kunathera. Chivundikiro chija chinali chitang'ambika ngati pepala, sampu, lomwe ndi beseni la oyilo, itasweka mng'alu wotalika ngati chala pafupi ndi bawuti yotulutsira oyilo. Injini inapulumuka chifukwa choti ndinaizimitsa nthawi yomweyo; ndikanati ndilimbe mtima kuti ndikafike kaye pamalo owala, bwenzi itanoka.

Sampu ndi beseni limene oyilo amakhalamo, ndipo pa injini zambiri ndiyo imakhala pansi penipeni. Galimoto zambiri zothamanga zimasiya mpata wa masentimita 10 mpaka 13 okha pakati pa mimba yake ndi msewu, pamene mapikiapu ambiri amapitirira masentimita 20. Mpata umenewu amauyeza galimoto itaima chabe. Mukakwera anthu awiri ndi katundu umachepa, ndipo mukaponda buleki mwamphamvu mphuno imagwada n'kuuchepetsanso, makamaka ngati mwini wake anaikamo masipuling'i aafupi pofuna kuti galimoto izioneka bwino. Chivundikiro cha pulasitiki anachiikira zina: kuti mphepo izidutsa mosalala pansi, kuti phokoso lichepe, ndiponso kuti madzi ndi matope zisamathovukire pa malamba ndi mawaya.

Sampu ya aluminiyamu ikagundidwa imasweka, ndipo vuto limaonekera pompo. Yachitsulo imangopindika, koma kwa ine imeneyi ndiyo yoopsa kwambiri chifukwa imabisa matenda. Paipi imene pampu imakokera oyilo imathera mamilimita ochepa chabe pamwamba pa thako la sampu, choncho chitsulo chikabonyokera m'kati chimatha kutseka pakamwa pa paipiyo. Pansi sipagwa dontho ngakhale limodzi, poyeza oyilo amaoneka wokwanira, koma injini ikuyenda ndi ludzu.

Mankhwala ake ndi chishango chenicheni, chimene amakaniko amachitchula kuti sump guard. Kawirikawiri chimakhala cha aluminiyamu yochindikala mamilimita 4 mpaka 6, kapena cha chitsulo cha mamilimita 2 kapena 3. Ine ndimakonda cha aluminiyamu, chifukwa kulemera kwake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chitsulo cha kukula komweko, ndipo galimoto yopangidwira kupepuka siyenera kusenzetsedwa mtolo pamphuno popanda chifukwa. Komabe chimene chandilembetsa kalatayi si mtundu wa chitsulo ayi, koma kamangidwe kake, pakuti ndaonapo zishango zomangidwa mwanjira yoti zikhoza kuwononga chomwe akuti akuteteza.

Chishango chisamangiriridwe pa injini kapena pa giyabokosi. Injini imakhala pa mphira ndipo imagwedezeka ikamalira, ndiye mukachimanga pamenepo, mphamvu yonse ya mwala imangodutsa m'mabawuti n'kukathyola zitsulo zimene mtengo wake umaposa wa sampu. Malo ake ndi pa zitsulo za chesisi zimene zimanyamula injini ndi miyendo yakutsogolo. Pakati pa chishango ndi sampu pazikhala mpata woti chala chilowe, kuti chikapindika chisakhudze sampu. Anthu a mipikisano ya rally, yothamangitsa galimoto m'misewu yokumbika, amaika siponji yolimba mumpatamo, chifukwa kamwala kakatsekeredwa mmenemo kamasanduka msomali umene umaboola sampu tsiku limene chishango chagundidwa. Mitu ya mabawuti ilowe m'kati, popeza ikatulukira kunja imadyeka ndi msewu mpaka sipanala kulephera kuigwira, ndipo mbali yakutsogolo ipindikire m'mwamba ngati mphuno ya bwato kuti galimoto izitsetsereka pa chopinga m'malo mochikola.

Tisanamizane kuti chishango chilibe zovuta zake. Kuchindikala kwake pamodzi ndi mpata uja zimadya sentimita imodzi kapena awiri pa mpata umene ndi wochepa kale, kotero galimoto imayamba kukhula pamalo pamene kale inkadutsa bwinobwino. Chimasunganso kutentha, chifukwa sampu imaziziritsidwa ndi mphepo yodutsa pansi, n'chifukwa chake pamafunika timabowo ta mphepo komanso bowo lotulutsira oyilo. Likapanda kukhalapo, makaniko wotopa adzachichotsa tsiku lina n'kuiwala kuchibwezera. Chachikulu n'chakuti galimoto zamakono anazipanga kuti pa ngozi mphuno izifwanyika mwadongosolo n'kumeza mphamvu isanafike kwa anthu. Munthu akawotcherera chitsulo chochindikala ngati chitseko cha ndende kuchokera ku bampala mpaka pakati pa galimoto, amasokoneza dongosolo limeneli, ndipo ine sindingavomere kusinthanitsa miyendo yanga ndi sampu.

Opanga galimoto nawonso akhala akulimbana ndi vutoli. Porsche 911 zakale zoziziritsidwa ndi mphepo, komanso Chevrolet Corvette Z06 ya 2006, zimasunga oyilo m'thanki yapadera, njira imene amaitcha dry sump, ndipo pansi pa injini pamangotsala kabeseni kosaya. Zina zatsopano zili ndi batani lokweza mphuno pafupifupi masentimita 4 poyandikira hampu. Ngakhale ku Formula One, mpikisano wapadziko lonse wa galimoto zothamanga kwambiri, kuyambira 1994 pansi pa galimoto amamangapo thabwa lochindikala mamilimita 10, ngakhale kuti cholinga chake n'kuletsa magulu kutsitsa galimoto mopitirira muyeso. Likadyeka kupitirira malire ololedwa woyendetsa amachotsedwa pa zotsatira, monga zinamuchitikira Michael Schumacher ku Spa m'dziko la Belgium chaka chomwecho, ndi Lewis Hamilton pamodzi ndi Charles Leclerc ku Austin m'dziko la America mu 2023.

Zotsalazo zili m'manja mwa woyendetsa. Buleki ipondedwe hampu isanafike n'kuisiya tayala lisanakwere, kuti mphuno idzuke. Pokwera hampu yaitali kapena potsika pa khomo lotsetsereka, ndi bwino kulowa chammbali kuti matayala akwere limodzilimodzi, ngati msewu uli wopanda galimoto ina. Mwala umene simungathe kuuzemba musauike pakati pa matayala monga ndinachitira ine. Ndipo kanyali ka oyilo kakayaka mofiira, imani pamalo oyamba otetezeka n'kuzimitsa injini, chifukwa sikanena kuti oyilo wachepa pang'ono, kakunena kuti wasiya kufika kumene akufunika.

Pempho langa kwa amakaniko ndi lakuti galimoto yotere ikakwera pa jeke, muzimuitana mwini wake kuti adzaone yekha chimene chili pansi, ndipo muzimuuza mosabisa ngati ndi pulasitiki chabe. Pa galimoto yanga tinaika chishango cha aluminiyamu cha mamilimita 5, ndipo nthawi iliyonse yosintha oyilo timachimasula n'kuchitsuka. Ulendo wathawu tinapezamo timiyala todzaza dzanja, ndi mkwasa umodzi wozama umene unalunjika ndendende pansi pa bawuti ya oyilo ija.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu