Yotamu, mlamba wako watikulira

Chipata,
Januwale 2025

Yotamu mnzanga,

Kalata yako yafika ndi mwana wa aMbewe, pamodzi ndi shuga ndi tochi ija. Zikomo. Masamba awiri athunthu wadzaza ndi za mgodi, fumbi la ku Solwezi ndi bwana wako wosaseka, koma ine ndimakudziwa, chimene unalembera kalatayi chili kumunsi kwenikweni, m'timalemba tating'ono: kodi Kapitawo akali moyo? Za ine sunafunse. Za NaTembo sunafunse. Wafunsa za nsomba.

Ali moyo, ndipo pa nyumba pano palibe wonenepa kumuposa. Unamusiya m'ndowa ali wa chikhatho chimodzi, unati ndikusungireko mpaka ukakhazikike. Lero ndikamuyeza ndi mkono wanga, kuyambira kunsonga ya chala mpaka m'khwapa, mchira umatsalako. Mutu wake waphwatalala ngati khasu latsopano. Akukhalabe m'thanki ya simenti ija tinamanga poumba mabuloko, ndipo mwini thankiyo tsopano ndi iye, ife timangobwerako kudzamutumikira.

Ndiyambe ndi chambo cha Limbani, chifukwa mpaka pano mnyamatayo akamudutsa Kapitawo amamutukwana. Anagula tiana ta chambo 50 ndi ndalama yake ya ganyu, akuti ayambe ulimi wa nsomba, natiponya m'thanki momwemo, ndi kapampu kothira mpweya m'madzi. Ndiye chinabwera chilala cha chaka chatha chija, madzi kuchepa ku Kariba, malaiti kumapita pafupifupi tsiku lonse. Kwanuko mwina a mgodi amakupatsaniko, kuno tinkawaona pakati pa usiku anthu tili mtulo. Pampu ikazima, mbandakucha umapeza tichambo tonse tili pamwamba, kukamwa yasa, kufunafuna mpweya. Mlamba alibe nazo ntchito. Iye m'mutu mwake, pamwamba pa mopumira nsomba zinzake, muli kachiwalo kena kanthambinthambi komwe amapumira mpweya wakunja. Amangokwera, kuphwa! wameza mpweya, wabwerera pansi. Tichambo tofooka tija ndiye tinali ndiwo zake. Limbani ankawerenga m'mawa uliwonse, nambala kumatsika, mpaka anasiya kuwerenga. Nsomba imeneyi imadya ngakhale ana a mtundu wake womwe, ndiye chambo cha mwana wasukulu chikanapulumuka bwanji?

Pofika Juni kunazizira kwambiri, Kapitawo anasiya kudya. Ndikaponya matumbo a nkhuku ankangowayang'ana, ali duu pansi pa paipi yothyoka imene ndinamuikira kuti azibisalamo. Ndinafuna kukulembera kuti mnzako akutsirizika. Mnyamata wina wophunzira za nsomba amene amachita lendi kwa aNgoma ndiye anandikhazika mtima pansi, akuti milamba imakonda madzi ofunda, kukazizira imachepetsa kudya, ndipo choopsa ndi chakudya chotsala chimene chimaola pansi ndi kuwononga madzi. Zoona, litangotentha dzuwa la Seputembala anayambiranso, ndipo akubwezera ndi za miyezi ija.

Ukudziwa chimene amadya? Chilichonse. Matumbo ndimakatenga kwa mayi uja wogulitsa nkhuku zosadzula ku Kapata, amene tsopano amandiitana kuti "bambo a nsomba" anthu onse akumva. Nyongolotsi, achule, nsima yogona, fumbi la kapenta la pansi pa thumba. Gaga amadya monyinyirika. Chakudya cha m'sitolo cha timibulu chija ndinagulako kathumba, mtengo wake ndikakuuza udzati ndikufuna kukubera. Mwezi watha inswa zitatuluka ana anatola zodzaza mbale, theka tinakazinga, theka anathira m'thanki, ndipo madzi anachita kuwira. Amakonda kudya kukamada. Maso ake ndi tating'ono, amasaka ndi ndevu zake zisanu ndi zitatu zija. Ukaunika ndi tochi umaona ndevuzo zikuyamba kutuluka m'paipi, kupapasa uku ndi uku, mutu n'kutsatira pambuyo. Zimenezo zokha ndimazikonda, ndisaname. Ndimakhala pa buloko paja mpaka udzudzu undithamangitse.

Koma madzi, Yotamu! Nsomba yodya nyama imadetsa madzi mosaneneka. Ukangochedwa, fungo limafika mpaka kukhitchini. Ndimachotsako gawo ndi ndowa n'kuthiramo ena, osati onse nthawi imodzi. A pampopi sungathire pomwepo chifukwa cha mankhwala amene amaikamo, ayenera kugona kaye m'diramu, ndipo mpopi wathu ukudziwa umatulutsa madzi tsiku limene wakonda. Msana wanga watha ndi ndowa. Chabwino chake n'chakuti madzi akudawo timathirira kudimba kuseri, repu ndi nkhwani zabiriwira moti NaPhiri anabwera kudzafunsa feteleza amene tikuthira. NaTembo pa nkhani yonse ya nsomba yako amavomereza repu yekhayo.

ASakala tinawaika sabata ya Khirisimasi. Matenda a shuga aja. Kumanda anthu anafunsa za iwe.

Tsono imva za usiku wa mvula yaikulu ya mu Disembala. Thanki inasefukira tili mtulo. M'mawa NaTembo akupita kukatsegulira nkhuku anakuwa mokweza moti ndinatuluka ndi kabudula yekha. Akuti njoka, njoka! AZimba analumpha mpanda ndi chibonga. Tikayang'ana, ndi Kapitawo, ali pakhomo pa khola, thupi lonse matope, akudzikoka ndi minga yake iwiri ya m'mbali, kupinda uku, kupinda uku, ulendo wa kungalande. Akanapitirira pang'ono akanalowa mumsewu, ndipo lero bwenzi ali mumtsinje wa Lunkhwakwa kapena mumphika wa munthu. Limbani anamugwira ndi manja, munga unamulasa pachikhatho, dzanja linatupa mpaka sanathe kugwira cholembera. Tinachita kumukulunga ndi thumba lonyowa. Ukumbuka tili ana ku Lutembwe, mvula yoyamba ikadzaza madambo, momwe milamba inkakwerera mu udzu kukaswana ife n'kumaitola? Ndi zomwezo. Mnzako wakula, akufuna banja, ndipo ine ndalama ya malowolo ake ndilibe.

Tsopano pamwamba ndinaika waya wa nkhuku, miyala m'mbali. Ndinasiya mpata pakati pa madzi ndi wayayo kuti azitha kutulutsa mutu kudzapuma, ndipo ndinaboola pambali kuti mvula ikachuluka madzi azitulukira pomwepo. Usiku kukagunda bingu NaTembo amandigwedeza, akuti kaoneni mwana wanu.

Mlandu waukulu ndi wa bakha. Kabakha kamodzi ka aZimba kanasowa ndisanaike waya. Palibe anaona. Pali amphaka pano, pali akhwangwala, pali ng'azi ija imakhala m'miyala ya kwa aLungu. Koma aZimba akuti anapeza nthenga yachikasu ikuyandama m'thanki, ndipo nthengayo anaisunga mu envulopu. Mu envulopu, Yotamu. Poyamba ankafuna kabakha kena, kenaka anati kakanakula kakanaikira mazira, mazirawo akanaswa, ndipo pofika sabata yatha ngongole yanga inali itakwana khola lathunthu. Moni amayankha ndi mphuno. Akazi awo ndi NaTembo sabwerekananso lichero. Ine ndikayang'ana kukamwa kwa Kapitawo sindingalumbire kuti sanachite, koma pamaso pa aZimba ndimakana mpaka kalekale. Nkhaniyi ikapita kwa a tcheyamani ndidzanena kuti mwini nsomba ali ku Solwezi, samani ikupeze komweko.

ANgoma nawo awonjezera moto. Akuuza anthu kuti nsomba yokula chonchi si mlamba koma vundu, ya ku Luangwa, imene imafika makilogalamu oposa 50, ndipo tsiku lina idzakoka mwana. Amayi ena aletsa ana awo kubwera kudzasewera kwathu. Ndinawatengera aNgoma pathanki kuwaonetsa: vundu pamsana ili ndi zipsepse ziwiri, chakumbuyo chamnofu chopanda minga, pomwe mlamba chipsepse chake n'chimodzi, chachitali, choyenda mpaka pafupi ndi mchira. Anayang'ana, anagwedeza mutu, n'kunena kuti chachiwiricho chimera ikakula. Munthu anaphunzitsa sayansi zaka zonse zija!

Ndiye pali ena amene sakumuopa, akumulakalaka. Ukudziwa kuyambira pa 1 Disembala mpaka kutha kwa Febuluwale boma limatseka usodzi kuti nsomba ziswane, ndiye yaiwisi ikusowa, ndipo ngakhale youma ija timagula pa mlatho wa Luangwa anthu akuchita kuifunafuna. Mwamuna wina wa ku Mchini wabwera kale ndi ndalama m'manja. NaTembo anamuyeza ndi maso, akuti pamenepa pali ndiwo za sabata yathunthu, kumuwamba bwinobwino pa moto wa nkhuni, zidutswa zina kutendera ndi nsinjiro. Amene akumuteteza ndi apongozi anga okha, osati mwachikondi. Iwo ndi a Sabata, nsomba yopanda mamba salola kuti ikhudze mphika umene iwo amadyeramo, Levitiko 11 amaitchula pamtima. Tsiku limene adzabwerere kumudzi ku Chadiza, Kapitawo adzagone ndi diso limodzi.

Ndinapita kwa amayi ako Lamlungu. Maso achepa kwambiri, anandizindikira ndi mawu. Anandigwira dzanja nthawi yaitali osalankhula, kenaka anafunsa ngati kumene uliko ukudya. Ndalama zimene umatumiza pa foni zikufika, Esnati akuwasamala bwino, denga anakonza. Koma anandifunsa kawiri ngati unanena mwezi wobwera, ndipo ine ndinangoti posachedwa. Usandichititse kunena mawu amenewo kachiwiri. Chimanga chawo chili bwino chaka chino, mvula ikapitirira chonchi adzakolola.

Nc'wala, mwambo wa Angoni uja, ili Loweruka lomaliza la Febuluwale ku Mtenguleni, monga mwa masiku onse. Pempha tchuthi. Ndikudziwa basi yochokera uko kudzera ku Lusaka imathyola msana, koma a Bemba amene ukugwira nawo ntchito amabwera chaka chilichonse kudzatiseka za mbewa, ndiye iwe mwana wa pano ungalephere bwanji? Kapena anakudyetsa kale nyani ndipo watiiwala? Ubwere udzaone amayi, udzalankhule ndi aZimba, udzagamule wekha za nsomba yako. Kumutenga sungathe, palibe kondakitala angalole diramu la madzi ndi chilombo chotere. Kukamutaya ku damu, anyamata a mbedza amutola tsiku lomwelo. Kumudya, ine mpeni sindigwira, udzagwire ndiwe. Ndipo ngati ukuti akhalebe, thanki iyi yamuchepera, potembenuka amachita kudzipinda, pafunika kukumba dziwe lenileni kumunsi kwa dimba kumene dothi lake ndi la makande losunga madzi, ndiye simenti, waya wina, ndi anyamata okumba, zonsezo ndawerengera pa

Pepala latha, ndipo m'buku la Limbani sindingang'ambenso lina, akudikira zotsatira za Giredi 12 ndipo wakwiya kale. Ndikulemba m'mbali. Moni kwa make Tamara. AZimba ali pampanda akundiitana, m'manja ali ndi envulopu ina

Ndine,
Lazaro