Lipoti la msonkhano wa za madzi m'dizilo ndi mafyuluta

A Wapampando, a komiti ndi mamembala nonse,

Ndabwerako ku msonkhano wa amakaniko ndi madalaivala umene munandituma. Tsiku loyamba linathera m'malonje ndi zolankhula za akuluakulu. Zenizeni zinali tsiku lachiwiri.

Mphunzitsi wathu anathira dizilo m'botolo loonekera mkati, n'kuwonjezeramo madzi pang'ono. Madziwo anakakhala pansi, poti lita ya dizilo imalemera magalamu pafupifupi 840 pamene ya madzi ndi 1,000. Atalikhutchumula botolo lija, zonse zinangoti mbuu. Anati ndi mmene zimakhalira m'thanki galimoto ikamayenda. Water separator, chipangizo cholekanitsa madzi ndi dizilo, imasonkhanitsa timadontho timeneti mpaka tilemere, tigwere m'kambale ka pansi pa fyuluta. Kambaleko kakadzaza osakhetsedwa, madzi amapitirira kupita ku pampu.

Ambirife timaloza chala ogulitsa mafuta, koma madzi ena timawapanga tokha. Thanki ikagona yosadzaza, usiku kukazizira imachita thukuta mkati. Pomwe madzi akumana ndi dizilo pamaswana tizilombo, ndipo matope akuda onanda aja timawapeza mu fyuluta ndi ntchito ya tizilomboti.

Injini zakale zinkapirira. Za common rail, zokhala ndi paipi imodzi yogawira dizilo ku mainjekita onse (timipopi tothira dizilo mu injini), zimene zinayamba kuikidwa m'galimoto zing'onozing'ono mu 1997, zimapopa dizilo pa mphamvu yofika 2,000 bar. Dizilo yemweyo ndi amene amafewetsa pampu ndi mainjekita, madzi akalowa amasiya dzimbiri. N'chifukwa chake fyuluta yomaliza imagwira tizinyalala ta ma micron 2 mpaka 5, pamene kunenepa kwa tsitsi limodzi la munthu ndi ma micron pafupifupi 70.

Apa ndiye ndinachita manyazi. Mphunzitsi uja anafunsa kuti ndani amadzaza fyuluta yatsopano ndi dizilo wa m'chigubu asanaimange. Ndinakweza mkono monyadira, ndipo sindinali ndekha. Anatiuza kuti bowo lapakati ndi potulukira mafuta osefedwa kale, choncho zimene tathira pamenepo zimapita ku mainjekita osasefedwa. Zaka zonsezi ndakhala ndikuphunzitsa anyamata anga zimenezi! Choyenera n'kupaka raba ya fyuluta ndi dizilo woyera, kumanga fyuluta ili youma, kenako kupopa ndi kapampu kamanja mpaka mpweya utha.

Anachenjezanso kuti tisamamasule mapaipi a mainjekita a common rail injini ikulira. Dizilo wake amaboola khungu.

Panali wina wotsatsa mankhwala othira m'thanki, koma sanandigwire mtima. Mankhwala sangalowe m'malo mwa kukhetsa madzi.

Ndikupempha kuti pa msonkhano wathu ukubwerawu tigwirizane zoti galimoto iliyonse izikhetsedwa madzi sabata iliyonse, komanso nthawi yomweyo nyali ya madzi ikayaka pa dashibodi, ndiponso kuti izigona thanki ili yodzaza. Botolo ndibwera nalo, wina abweretse fyuluta yakale tidzaicheke pakati tonse tikuona.

Ine nthumwi yanu.