Pempho la mphunzitsi lisadikire siginecha zopanda ntchito

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa mapulogalamu a pakompyuta amene maofesi oyang'anira sukulu akugula masiku ano, oti mphunzitsi akafuna tchuthi, kusamutsidwa kapena kubwezeredwa ndalama za ulendo wa ntchito asamayendenso ndi fomu m'manja, azingotumiza pempho pa foni. Ine ndine mlembi mu ofesi yotere, ndipo ndinali nawo m'gulu lokonza njira imene pempho liziyendamo. Pulogalamuyi ndimaikonda, sindingafune kubwerera ku milu ya mafayilo. Chimene chikundipweteka n'chakuti maofesi ambiri amangotenga mndandanda wa osaina umene unali pa fomu yakale n'kuulowetsa momwemo mu kompyuta, osadzifunsa kuti aliyense wa anthuwa akusainira chiyani.

Fomu yathu ya tchuthi inali ndi malo osaina asanu: mkulu wa phunziro, wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu, mphunzitsi wamkulu, a ofesi yoona za ogwira ntchito, kenako bwana wamkulu. Tisanadine batani lililonse tinafunsa aliyense funso limodzi: kodi munakanapo pempho, ndipo munakana chifukwa chiyani? Mphunzitsi wamkulu sanachedwe kuyankha. Amakana ngati aphunzitsi awiri a phunziro limodzi apempha sabata yofanana, kapena ngati ndi nyengo ya mayeso. A ofesi ya ogwira ntchito amakana ngati masiku a munthu atha. Atatu enawo anavomera poyera kuti sanakanepo; ankasaina chifukwa panali mzere wosainapo. Chimene iwo ankafuna n'kudziwa kuti auje sakhalapo Lachinayi, basi. Ndiye mapulogalamuwa amasiyanitsa bwino munthu wovomereza ndi munthu wongodziwitsidwa. Wodziwitsidwa amalandira uthenga, koma pempho silimuyembekeza. Atatuwo titawaika m'gulu lachiwirili palibe amene anatsika udindo, ndipo aphunzitsi anasiya kulondola mapempho awo pakhomo ndi pakhomo.

Sindikunena kuti mapempho onse azidutsa pa anthu awiri. Kupempha tsiku limodzi kuti ukaonane ndi dokotala si chimodzimodzi ndi kupempha tchuthi cha miyezi yambiri chokapitiriza maphunziro, ndipo pempho lokhudza ndalama liyenera kufika kwa a zachuma. Pulogalamu imatha kuuzidwa kuti masiku akaposa mwakuti, kapena ndalama zikapitirira mwakuti, pempho likwere pamwamba. Malire amenewa achokere m'malamulo a ntchito olembedwa, asachokere m'mutu mwa katswiri wa kompyuta amene wabwera kudzaika pulogalamu. Iyeyo amadziwa mabatani, koma sadziwa kuti ndani ali ndi mphamvu yomasula mphunzitsi pa nthawi ya mayeso.

Palinso kusankha ngati ovomereza aziyankha motsatizana kapena nthawi imodzi. Mwachitsanzo, mu Power Automate, imodzi mwa mapulogalamu otere yopangidwa ndi kampani ya Microsoft, wokonza amasankha ngati onse otumiziridwa ayenera kuvomera kapena ngati yankho la woyamba likukwana. Kumene wina sadalira chiganizo cha mnzake, kuwandandalika motsatizana n'kungotaya masiku.

Koma vuto lalikulu kwa ine ndi la kumangirira njira pa dzina la munthu m'malo mwa udindo wake. Mayi wina, mphunzitsi wa sukulu ya m'dera lina, anafika pa zenera lathu poganiza kuti mwina tingamuthandize. Mwana wake anali atapatsidwa tsiku la opareshoni. Anatulutsa foni yong'aluka galasi n'kundionetsa: pansi pa pempho lake panali mawu amodzi okha, akuti likudikira. Kudikira ndani, sipanalembedwe. Titaimbira anzathu a ofesi yawo, zinapezeka kuti mphunzitsi wamkulu wa pasukulupo anali atasamutsidwa, koma mapempho ankapitabe ku akaunti yake yakale, imene sankaitsegulanso. Wolowa m'malo mwake sankaona kalikonse. Mayiyo ankachita mantha kungonyamuka, poopa kuti amulemba kuti wajomba, ndipo ankachitanso mantha kukhala. Akanakhala kuti anakonza kuti pempho lizipita kwa aliyense amene ali pa mpando wa mphunzitsi wamkulu pasukulu imeneyo, kusintha dzina pamalo amodzi kukanakwana. Anthu amasamutsidwa, amapuma pantchito, amadwala, amamwalira. Ofesi iliyonse ikudziwa zimenezi, ndiye n'chifukwa chiyani ikonza njira ngati kuti bwana wa lero adzakhalapo mpaka kalekale?

Wopempha aziona dzina la udindo umene pempho lake laima. Ena amati zimenezi zimachititsa manyazi mabwana. Ine ndikuti bwana woyankha msanga alibe choopa.

Kukhala chete nakonso kukhale ndi malire. Pakapita masiku awiri kapena atatu a ntchito, pulogalamu ikumbutse wovomereza. Akakhalabe phee, pempho lipite kwa wachiwiri wake kapena kwa womuyang'anira. Okonza adziwenso kuti mapulogalamu ali ndi malire awoawo: mu Power Automate yomwe ija, pempho limodzi silingadikire yankho kupitirira masiku 30, choncho ayenera kukonzeratu zoti zidzachitike yankho likapanda kubwera. Ndipo wokana pempho akakamizidwe kulemba chifukwa. Bokosi la chifukwa lisalole kudumphidwa. Munthu wouzidwa kuti sabata imeneyo kuli mayeso amasankha sabata ina. Wongoona kuti akanidwa amapita kunyumba akuganiza kuti bwana amamuda.

Ndinenepo za khalidwe limene limawononga zonse mwakachetechete. Bwana akamapita ku msonkhano amasiyira mlembi mawu achinsinsi olowera mu akaunti yake, n'kunena kuti uzingovomera. Ife alembi timapatsidwa zimenezi kawirikawiri, ndipo kukana bwana si kophweka. Koma ubwino waukulu wa pulogalamu ndi wakuti imasunga mbiri: ndani anavomera, tsiku liti, nthawi yanji. Mbiriyo ikanama, tsiku la mlandu wovutika ndi wamng'ono. Njira yoyenera ndi yakuti bwana apereke mphamvu kwa wogwirizira wake mu pulogalamu momwemo, kuyambira tsiku lakuti kufika tsiku lakuti, wogwirizirayo n'kumavomera ndi dzina lake. Muonetsetsenso kuti palibe amene angavomereze pempho lake lomwe. Mphunzitsi wamkulu akapempha tchuthi, kompyuta yosauzidwa bwino imalibweza kwa iye mwini.

Kalata ya dokotala si ya aliyense. Ku Ulaya lamulo loteteza zinsinsi za anthu la GDPR, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018, limaika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu lofunika chitetezo chapadera, ndipo nzeru yake ikugwira kulikonse. Wokonza ndandanda ya makalasi akufunika kudziwa kuti mphunzitsi sabwera masiku angati kuti apeze wogwirizira. Matenda ake awone ofesi ya ogwira ntchito yokha. Ndiponso kudwala mwadzidzidzi sikupemphedwa chilolezo: njira ya zimenezi iyambe ndi kudziwitsa sukulu kuti ana asakhale okha m'kalasi, mapepala atsatire pambuyo.

Pasukulu sipagwira aphunzitsi okha. Pali alonda, ophika, osesa, oyendetsa galimoto, ndipo ena mwa iwo alibe foni ya intaneti kapena imelo ya kuntchito. Mlembi aloledwe kuwalembera pempho, pulogalamu n'kusunga kuti analemba ndi wakuti m'malo mwa wakuti, ndipo mwini wake apatsidwe umboni woti agwire m'manja. Pempho langa kwa akuluakulu ndi lakuti musanatsegulire aliyense, yesani pa sukulu imodzi temu isanayambe, muitane mlonda ndi woimira bungwe la aphunzitsi, mutumize pempho loyeserera pa mtundu uliwonse, ndipo limodzi mulisiye dala osaliyankha kuti muone kumene likathere.

Ine wanu,
Mlembi wa mu ofesi yoyang'anira sukulu