Za timachubu ta mdzukulu wanu

Okondedwa Amayi,

Achemwali andiuza kuti chithunzi chija chidakulizani. Pepani, ndidalakwa kutumiza osafotokoza. Mdzukulu wanu alipo, akulimbikira.

Paja adabadwa mimba ili ndi masabata 26, akulemera magalamu 800 okha. Matumbo a mwana wotere sakhala atakhwima, ndiye chakudya chimadzera m'magazi. Timachubu tiwiri mudationa pamchombo tija, kena nkodutsira chakudya ndi mankhwala, kena nkotengera magazi okayeza kuti asamangomubaya.

Koma Amayi, timachubu tomweto ndi timene tatisowetsa tulo. Tsiku lachitatu ndidafika nditangoweruka kuntchito, namwino n'kundionetsa kaphazi kake kakumanzere, kosaposa chala changa chachikulu. Tizala tidali titayera mbee, tozizira. Akuti mtsempha umadzifinya ukakhudzidwa ndi kachubu, mwina magazi amaundana, ndipo akachedwa mwana amatha kuduka zala. Chidandidabwitsa n'chakuti adayamba kufunditsa mwendo wabwinowo, osati wodwalawo, ati ndi mmene mtsempha winawo umamasukira. Zitakanika adangokasolola kachubu kotengera magazi kaja. Mmene kumacha tizala tidali titafiiranso. Ine usiku wonsewo maso ali pa kaphaziko basi.

Kotsalako nako kadasuntha, poti mchombo ukamauma kachubu kamayenda. Atamujambula adapeza nsonga yake ili m'chiwindi, komwe chakudyacho chimawononga chikatayikira. Ikadalowa mumtima ndiye zikadaposa apa, madzi amatha kudzaza m'thumba la mtima, mtimawo n'kulephera kupopa. Adakachotsa n'kuika kena pamkono, kopyapyala ngati ulusi, komwe amati PICC.

Panopa nkhondo ili pa tizilombo. Tomwe timakhala pakhungu pathupa, kwa ife tosavulaza, tikatsatira kachubu n'kulowa m'magazi mwake akhoza kudwala mwakayakaya. Tisanamugwire timavula wotchi ndi mphete, n'kusamba mpaka m'zigongono. Manja angawa achita kung'aluka ndi mankhwala osambira.

Mpongozi wanu akufinya mkaka maola atatu alionse, ndi usiku womwe. Dzulo mwana amalandira mamililita 6 nthawi imodzi kudzera m'kachubu ka kukamwa. Musaseke, ife tidaomba m'manja! Tsiku limene mkaka udzayambe kumukwanira, ka pamkonoko adzachotsa, ndipo tikuwerenga zimenezo.

Mwezi uno ndalama zichepa chifukwa ndajomba masiku ambiri. Muwauze Abambo asadandaule, ndipo mupitirize kutipempherera.

Ndine mwana wanu.