Anasamalira msilikali mnzake mpaka imfa

Akonzi,

Ndikamadutsa pa mfuti ya sitima ya Guendolen pafupi ndi mlatho kuno ku Mangochi, ndimakumbuka Leonard Cheshire wa ku Britain. Bambo ameneyu anauluka maulendo 100 kukaponya mabomba pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, nalandira mendulo ya ulemu waukulu ya Victoria Cross mu 1944. Mu 1945 anaona ndi maso ake bomba likuphulika ku Nagasaki. Chimene chimandikhudza kwambiri n'cha mu 1948: anatenga msilikali wodwala khansa, wosowa kolowera, n'kumusamalira m'nyumba mwake mpaka anatsikira kuli chete.

Agogo anga anakamenya nkhondo yomweyo ku Burma ali m'gulu la asilikali la KAR (King's African Rifles). Anamwalira pamphasa, mamendulo ali m'chitini cha tiyi, popanda wowazonda. Chonde, tumizani atolankhani m'midzi muno alembe za asilikali athuwa ana awo akadali moyo.

Mphunzitsi wopuma,
Mangochi