Ojambula nyumba pakompyuta ayambire pa muyeso wa khoma

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi achinyamata komanso eni mapuloti amene ayamba kujambula nyumba pa mapulogalamu a pakompyuta a SketchUp ndi Sweet Home 3D. Mapulani ambiri amene akufika m'manja mwa amisiri ndi okongola ndithu, koma akatambasula tepi pamalo omangira, miyeso siigwirizana. Kawirikawiri cholakwika chimakhala chimene wojambula anadumpha asanalembe mzere woyamba.

Musanachite china chilichonse, sankhani mamilimita, ndipo makoma muwapatse kunenepa kwake kwenikweni. Khoma la njerwa yathunthu limakhala la mamilimita 230, la theka 115, la mabuloko 150 kapena 200. Sweet Home 3D imayeza khoma kuchokera pakati pake. Mukalemba 3,000 pakati pa makoma awiri a 230, m'kati mwa chipinda mumatsala 2,770, ndipo pulasitala wa mamilimita 15 mbali zonse akapakidwa mumatsala 2,740. Bedi ndi wodilopu zimene zimaoneka ngati zikwana zimakanika kulowa chifukwa cha zimenezi. Ngati mukumangira mabuloko, kumbukirani kuti buloko pamodzi ndi matope ake imatenga 400 m'litali ndi 200 kupita m'mwamba. Utali wa makoma ndi mipata ya mazenera muziwerengera m'ma 200 kuti mmisiri asamangodula mabuloko. Sikweya mita imodzi imadya mabuloko 12 ndi theka.

Dandaulo lofala pa SketchUp ndi lakuti mizere inayi yakumana koma pakati sipakutsekeka. Chifukwa chake chimakhala chimodzi mwa ziwiri: pali kampata kakang'ono pakona, kapena kona imodzi yakwera pang'ono kuposa zinzake. Lembani mzere wodutsa pakati, kuchokera kona ina kufika ina. Mbali zonse ziwiri zikatsekeka, dziwani kuti kona ina yakwera; ikatsekeka imodzi, kampata kali kumbali inayo. Chida cha Text mukachidina pakona chimaonetsa manambala atatu a malo ake, ndipo kona yosokonekerayo imaonekera pomwepo. Kuti izi zisachitike, musamakoke mzere ndi maso okha. SketchUp ili ndi mizere itatu yolondolera; dinani muvi wakumanja pakiyibodi kuti mutsate mzere wofiira, wakumanzere wobiriwira, wam'mwamba wabuluu, kenako lembani nambala ya utali ndi kudina Enter.

Chinanso chimene chimagwetsa anthu ulesi ndi kumatana kwa zinthu. Mukasuntha khoma, pansi ndi denga zimatsatira n'kupindika, popeza mizere iliyonse yokhudzana imasanduka chinthu chimodzi. Mukamaliza pansi, dinanipo katatu, dinani batani lakumanja la mausi, musankhe Make Group kuti pakhale gulu lapalokha. Chitani chimodzimodzi ndi makoma, kenako denga. Mazenera ndi zitseko zofanana zikhale Component, kuti mukasintha chimodzi zonse zisinthe. Tags, zizindikiro zobisira kapena kuonetsa mbali za chojambula, muziika pa magulu amenewa, osati pa mizere ya m'kati mwake, apo ayi mukabisa denga mudzapeza mbali ya khoma yasowa nayo.

Pamalo pakamaphethira, ndiye kuti mwasanjikiza zinthu ziwiri pamalo amodzi; fufutani chimodzi. Khoma likaoneka lotuwa mopita kubuluu, latembenuka, ndipo Reverse Faces imalikonza. Kompyuta ikayamba kukwawa, kawirikawiri ndi masofa, mitengo ndi magalimoto a ku 3D Warehouse (nkhokwe ya pa intaneti ya zinthu zojambulidwa kale), amene amodzi okha amatha kulemera kuposa nyumba yonse. Achotseni, dinani Purge Unused, zimitsani mithunzi pojambula. Sungani fayilo ndi dzina latsopano mukamaliza gawo lililonse, chifukwa magetsi sachenjeza akamathima. Amene bando imawavuta adziwe kuti SketchUp yaulere imagwira pa intaneti, pomwe Sweet Home 3D imagwira popanda intaneti mukangoiika.

Nkhani ya dzuwa ndiyo ndikufuna ndiitsindike, chifukwa ambiri saiganizira n'komwe. Mukapanda kuiuza malo, SketchUp imaika nyumba yanu ku Boulder m'dziko la America, kumene dzuwa la masana limakhala kummwera. Kuno mu Juni ndi Julayi limapendekera kumpoto. Mithunzi imene mukuionayo ndi yabodza kufikira mutaika malo enieni a puloti ndi kuloza kumpoto molondola. Mu Sweet Home 3D izi zimachitikira pa kampasi imene ili papulani. Mukatero, yang'anani nyumbayo nthawi ya 3 koloko masana mu Okutobala. Zenera lalikulu loyang'ana kumadzulo lopanda khonde limasandutsa chipinda chogona kukhala uvuni.

Padenganso pamatayika ndalama. Pulani yoonera pamwamba imaonetsa denga lalifupi kuposa mmene lilili. Nyumba ya mamita 8 m'lifupi, ya denga la mbali ziwiri lopendekeka madigiri 20, lotuluka mamilimita 600 kunja kwa khoma, imaoneka ngati ifuna malata a mamita 4.6, pomwe utali weniweni ndi pafupifupi 4.9. Yezani motsata kutsetsereka kwa dengalo. Powerenga kuchuluka kwake, lata la IBR limaphimba mamilimita 686 okha likasanjikizana ndi linzake.

Mapulogalamu awiriwa sawerengera mphamvu ya maziko, zitsulo za mulintala kapena kukula kwa matabwa a denga. Amalola zenera la mamita anayi popanda chogwiriziza khoma la pamwamba pake. Chimene mwajambulacho chiperekeni kwa injiniya ndi wojambula mapulani wovomerezeka, ndipo ngati puloti ili mumzinda, khonsolo ivomereze kaye musanakumbe maziko.

Wojambula mapulani a nyumba,
Lilongwe