Ng'ala isamadikire kuti agogo afike posaona

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhule ndi anzanga amene akusamalira makolo okalamba.

Mu 2021 ofufuza a ku University of Washington ku Seattle, m'dziko la America, anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa anthu oposa 3,000 a zaka 65 kapena kuposerapo, onse a ng'ala. Kwa amene anachitidwa opaleshoni yochotsa ng'alayo, chiopsezo chodwala dementia, matenda a mu ubongo oiwalitsa munthu ngakhale mayina a ana ake, chinatsika ndi pafupifupi 30 peresenti. Opaleshoni ya matenda ena a maso otchedwa glaucoma, imene sibwezeretsa kuona, sinasonyeze zimenezi. Kafukufuku mmodzi satsimikizira zonse, koma nzeru yake ikumveka: munthu akasiya kuona amasiya kupita kumunda, kutchalitchi ndi kocheza, ndipo ubongo umasowa chochita.

Mayi anga aang'ono anafika potero. Ankangokhala pakhonde osayankhula, mpaka ena m'mudzi anayamba kunong'ona za ufiti, zimene zimandiwawa mpaka pano. Titapita nawo ku chipatala cha Nkhoma, dokotala anacheka pang'ono diso, n'kuchotsa ng'alayo, n'kuikamo kagalasi. Sizinatenge ngakhale ola limodzi, ndipo sanawagoneke tulo. Chaka chino asankha okha mbewu ya mtedza.

Ambiri amaopa kuti akawakolowola diso. Si zoona. Unduna wa Zaumoyo utumize anthu odziwa za maso m'zipatala zazing'ono za m'midzi kuti azipima okalamba, chifukwa ndalama yoyendera kukafika ku Nkhoma kapena ku chipatala cha maso cha Lions ku Blantyre ambiri alibe.

Wowerenga wanu,
Mponela, Dowa